Tikati "boma" timatanthauza ndani?

Mjigo wa pafupi ndi sukulu ya kumudzi kwathu utawonongeka, amayi anabwerera kudambo ndi zidebe zawo kwa miyezi ingapo. Chitsulo chimene chinkafunika sichinali chodula kwenikweni, ndipo anthu omwewo anali atangomaliza kusonkha ndalama zofolera tchalitchi. Ndinafunsa a malume chifukwa chimene panalibe woyambitsa msonkhamsonkha wokonzera mjigowo. Iwo anayankha mosatekeseka n'komwe: "Mphwanga, mjigo umenewo ndi wa boma. Eni ake abwera."

Mawu amenewa sanandichoke m'mutu, chifukwa a malume sanali munthu waulesi kapena wosadziwa zinthu. Ankangolankhula monga momwe tonsefe timalankhulira. Liwu lakuti boma timalisenzetsa katundu wambiri zedi. Munthu wa ku Mayani akati akupita ku boma, ndiye kuti akupita kutauni ya Dedza kumene kuli ofesi ya bwanamkubwa. Tikati boma la Ntcheu tikunena dera lonse ndi malire ake. Wailesi ikati boma lakweza mtengo wa mafuta, ikunena olamulira a ku Capital Hill. Mphunzitsi amagwira ntchito m'boma. Ndiye pa msonkhano wa ndale wina akafuula dzina la chipani, khamu limayankha kuti "Boma!" Zinthu zisanu zosiyana, dzina limodzi. Chisokonezo chambiri cha ndale zathu chimayambira pamenepa.

Liwuli linabwera kuchokera ku Chiswahili, kumene limatanthauza mpanda kapena linga. Angerezi atakhazikitsa ulamuliro wawo kuno mu 1891, Harry Johnston atakhala pa Zomba, ankamanga malinga m'madera osiyanasiyana, ndipo m'lingamo ndimo munkakhala bwanamkubwa, asilikali ake, bokosi la msonkho wa nyumba ndi ndende. Bwanamkubwa yemweyo ndiye ankatolera msonkho, yemweyo ankalamula kuti wolephera kulipira amangidwe, yemweyonso ankaweruza mlanduwo. Choncho kwa agogo athu boma linali malo a eni ake, kumene munthu unkapita utaitanidwa, chipewa chili m'manja, mtima uli m'mwamba. Mbendera inasintha pa 6 Julayi 1964, koma mantha aja ndi maganizo akuti za boma n'za ena tinawalandira ngati chuma cha masiye.

Kuti timvetse bwino, tiyenera kulekanitsa zinthu zitatu. Choyamba ndi dziko: nthaka ndi malire ake, anthu ake, malamulo ake, ndi nthambi zimene zimakhalapobe kaya walowa ndani, monga asilikali, apolisi, makhothi, zipatala ndi ogwira ntchito m'maunduna. Chachiwiri ndi olamulira, kutanthauza Pulezidenti ndi nduna zake, amene apatsidwa chiwongolero kwa zaka 5 zokha. Chachitatu ndi chipani, chimene ndi gulu chabe la anthu ogwirizana maganizo, ofuna kuti mmodzi wa iwo apatsidwe chiwongolerocho. Chipani chilibe mphamvu yomanga munthu, yotolera msonkho kapena yotenga galimoto ya unduna n'kupita nayo ku msonkhano wake, ngakhale chitapambana ndi mavoti ochuluka bwanji.

Kusiyana kumeneku kunaonekera poyera mu Epulo 2012. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 mwezi umenewo, wachiwiri wake, Joyce Banda, anali atachotsedwa kale m'chipani cha DPP ndipo anali atayambitsa chipani chake cha PP. M'maso mwa chipani cholamula iye anali munthu wakunja, ndipo nduna zina zinayesa kutsekereza kuti asalowe. Koma malamulo a dziko sanena za chipani pa nkhani imeneyi. Amangoti mpando wa Pulezidenti ukakhala wopanda munthu, wachiwiri ndiye alowe. Mkulu wa asilikali pa nthawiyo, Henry Odillo, anaima kumbali ya malamulo, ndipo pa 7 Epulo Joyce Banda analumbira. Asilikali amene dzulo lake ankalondera mtsogoleri wa DPP anayamba kulondera mtsogoleri wa PP, popanda kusintha yunifolomu, chifukwa iwo ndi a dziko.

Sizinali choncho nthawi zonse. Malamulo a 1966, chaka chimene Malawi inakhala ripabuliki, anavomereza chipani chimodzi chokha, cha MCP, ndipo mu 1971 Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya. Dziko, olamulira ndi chipani zinasanduka mtolo umodzi womangidwa ndi luzi limodzi. Akuluakulu amene analipo amakumbukira ayufi ataima pa chipata cha msika kapena pa khomo la basi akufunsa khadi la chipani. Wopanda khadi sankagula ngakhale mchere. A Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967, anazunzidwa koopsa chifukwa chokana kugula khadilo, ndipo ambirimbiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Munthu ankatha kutsekeredwa kundende ya Mikuyu zaka zambiri osaonekera kukhothi. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi khothi la mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ndimakumbutsa izi dala, popeza pali achinyamata amene amati chipani chimodzi chinali chabwino chifukwa kunalibe phokoso. Phokoso kunalibedi, koma linasowa chifukwa wolankhula ankasowa.

Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inang'amba chete uja. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana, womenyera ufulu wa zipani zambiri, anamangidwa atangotsika ndege, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anaponya voti pa riferendamu: nyali ya matipate kapena tambala wakuda wa chipani chimodzi. Pafupifupi anthu 63 pa 100 alionse anasankha nyali. Pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho, ndipo tsiku lotsatira malamulo atsopano oyendetsera dziko anayamba kugwira ntchito.

Mu malamulo amenewa muli gawo limodzi limene ndikanakonda mwana aliyense wa sukulu atalidziwa pamtima, gawo 12. Limanena kuti mphamvu zonse zolamulira dziko lino zimachokera kwa anthu a Malawi, ndipo amene wazigwira wangoikizidwa, azigwiritse ntchito pokomera eni akewo, ndipo azikhala nazo pokhapokha eni akewo akumukhulupirirabe. Mmalawi aliyense amadziwa kuikiza. Munthu akamapita ku Joni amasiya ng'ombe zake kwa mbale, ndipo mbaleyo amazidyetsa, kuzilimitsa, mwinanso kumwa mkaka wake. Koma sangagulitse ngakhale thole limodzi osafunsa, ndipo mwini akabwera ayenera kumuonetsa khola n'kumuwerengera: zinali zingati, zaswa zingati, yafa iti ndipo chikopa chake chili kuti. Woikizidwa akayamba kupsa mtima pofunsidwa, mudziwe kuti m'kholamo muli nkhani. Ubale wa nzika ndi olamulira ndi womwewo. Pulezidenti, nduna, phungu, khansala, onsewa ndi osunga ng'ombe za eni.

Poti woikizidwa ndi munthu, ndipo munthu amakomedwa, malamulo sanaike mphamvu zonse m'dzanja limodzi ngati za bwanamkubwa wa m'linga uja. Anazigawa patatu, monga mafuwa: Nyumba ya Malamulo, nthambi yolamula imene mutu wake ndi Pulezidenti, ndi makhothi. Fuwa limodzi likatalika kuposa anzake, mphika umapendekeka ndipo wopsa ndi amene wakhala pafupi ndi moto.

Nyumba ya Malamulo, imene kuyambira chisankho cha 2025 ili ndi mipando 229 kuchoka pa 193, ili ndi ntchito zitatu zikuluzikulu. Imapanga malamulo, imavomereza bajeti, ndipo imalondoloza momwe nduna ndi maunduna akugwirira ntchito. Palibe msonkho umene ungatoleredwe popanda lamulo lochokera m'nyumbayi, ndipo ndalama za dziko siziyenera kutuluka m'thumba popanda chilolezo chake. Bilu ikadutsa imapita kwa Pulezidenti kuti asaine. Akakana, imabwerera kwa aphungu, ndipo akaivomerezanso pa nthawi yoikika, Pulezidenti alibenso pothawira. Kusintha malamulo aakulu a dziko kumafuna aphungu awiri mwa atatu alionse, ndipo magawo ena sangakhudzidwe popanda kufunsa anthu pa riferendamu. Mpanda umenewu ndi umene unatipulumutsa mu Julayi 2002, pamene bilu yochotsa malire a materemu awiri a Pulezidenti inagwa chifukwa chopereweredwa mavoti atatu okha. Anthu atatu akanatembenuka tsiku limenelo, mbiri yathu ikanakhala ina.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa ife ovota tili ndi mlandu wathu. Phungu timamuyeza ndi mabokosi a maliro amene wagula, galimoto imene watumiza kukatenga mtembo kuchipatala, ndi fizi ya ana imene walipira. Sindikunyoza umphawi umene umatikakamiza kugogoda pa geti pake m'mamawa. Koma ntchito imene tinamutuma ndi yokawerenga bajeti mzere ndi mzere n'kufunsa chifukwa chimene chipatala chathu chilibe ambulansi. Phungu wogula mabokosi 50 pa chaka, ndalamazo ayenera kuzipeza penapake, ndipo wokhala ndi ngongole zotere savuta kumugula tsiku la voti yofunika. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota, koma lamulo lokha silingathetse chizolowezi chimene wopereka ndi wolandira onse akuchikonda.

Pulezidenti wa Malawi ndi mutu wa dziko, mutu wa olamulira, komanso mkulu wa asilikali. Amasankhidwa mwachindunji ndi anthu, ndipo nduna amasankha yekha, kaya mwa aphungu kaya kunja. Si mayiko onse amatero. Ku South Africa anthu amavotera zipani, ndipo aphungu ndiwo amasankha Pulezidenti, n'chifukwa chake chipani cha ANC chinatha kukakamiza Thabo Mbeki kutula pansi udindo mu 2008 ndi Jacob Zuma mu 2018 popanda chisankho. Ku Britain ndi ku Lesotho kuli mfumu, koma woyendetsa dziko ndi nduna yaikulu yochokera m'Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu akasiya kuikhulupirira imagwa. Ku Eswatini mfumu Mswati III ndiyo ili ndi mawu omaliza, ndipo zipani sizipikisana pa chisankho. Njira yathuyi ubwino wake ndi wakuti mtsogoleri sagwa chisawawa, koma ili ndi msampha wake: Pulezidenti atha kukhala wopanda aphungu okwanira. Bingu atatuluka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anamutsatira, ndipo otsutsa anaumirira kuti Sipikala agwiritse ntchito gawo 65, limene limati phungu wochoka m'chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china ataye mpando. Mkanganowo unachedwetsa bajeti mu 2007 ndi 2008, anthu wamba ali pakati ngati udzu pa ndewu ya njovu.

Fuwa lachitatu ndi makhothi, kuyambira a majisitireti, khothi lalikulu, mpaka khothi la apilo la Supreme. Ntchito yawo si kuweruza akuba nkhuku okha. Amatanthauzira malamulo, ndipo ali ndi mphamvu yothetsa lamulo kapena chiganizo chilichonse chosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ngakhale chitachokera ku nyumba yachifumu. Ambiri tinazimvetsa izi pa 3 Febuluwale 2020, titakhala tsiku lonse khutu lili pa wailesi. Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, bungwe loyendetsa zisankho la MEC linalengeza kuti Peter Mutharika wapambana ndi mavoti pafupifupi 39 pa 100 alionse. Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima anakasuma. Majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Michael Tembo, atamva umboni kwa miyezi yambiri, kuphatikizapo wa mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi tipeksi, anagamula kuti chisankhocho sichinayende bwino ndipo chichitikenso pasanathe masiku 150. Ananenanso china chimene chinasintha ndale zathu: kuti wopambana upulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka la onse oponyedwa, osati kungoposa anzake. Khothi la Supreme linagwirizana nawo mu Meyi, ndipo pa 23 Juni 2020 Chakwera anapambana. Mu Africa muno ndi Kenya yokha imene inali itachitapo zotere, mu 2017.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi chotsatira chake. Mu Sepitembala 2025 ovota omwewo, pa muyeso womwewo wa mavoti opitirira theka, anachotsa Chakwera n'kubwezeretsa Mutharika. Wina angakondwe, wina angadandaule, malinga ndi nsalu imene amavala. Koma lamulo limene linagwetsa munthu mu 2020 ndi lomwelo linamukweza patapita zaka zisanu, ndipo umenewo ndi umboni wakuti silinalembedwere munthu mmodzi.

Komabe demokalase si kuchuluka kwa manja okwezedwa kokha. Mudzi wonse utagwirizana kuti gogo wakutiyakuti ndi mfiti ndipo nyumba yake itenthedwe, kuchuluka kwawo sikusandutsa nkhanzayo kukhala chilungamo. N'chifukwa chake mutu 4 wa malamulo athu unandandalika ufulu wachibadwidwe umene ngakhale opambana chisankho sangaulande: moyo, ulemu wa munthu, chipembedzo, kulankhula, kusonkhana, kuchita zionetsero mwamtendere. Apolisi akakumanga ayenera kukuuza chifukwa chake m'chilankhulo chimene umamva, uli ndi ufulu wokhala chete, ndipo uyenera kuonekera kukhothi pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene khothi silikugwira ntchito. Maufuluwa amaphwanyidwa, inde. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Koma kukhalapo kwake pa pepala n'kumene kumapatsa wolakwiridwa poyambira.

Tsono nzika ndani? Mwalamulo, munthu amakhala nzika ya Malawi pobadwa kwa kholo la Chimalawi, kapena popempha unzika atakwaniritsa zofunika. Kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 anapatsa anthu mamiliyoni umboni wogwirika m'manja, ndipo kusintha kwa lamulo mu 2018 kunatsegula njira yakuti Mmalawi akhale ndi unzika wa mayiko awiri, nkhani imene abale athu a ku London ndi ku Johannesburg anaidikira nthawi yaitali. Pa zaka 18 munthu amaloledwa kuvota. Koma chiphaso ndi chikopa chabe. Nyama ya unzika ndi yakuti iwe ndiwe mwini ng'ombe zija, ndipo umadyetsa nawo.

Ambiri amaganiza kuti msonkho amakhoma ndi okhawo olandira malipiro a pamwezi. Ayi ndithu. Tengani lisiti la m'sitolo yaikulu muone pansi pake, mupeza mzere wa VAT. Mukagula mayunitsi a foni, mukakwera minibasi kapena kabaza wa njinga yamoto amene wathira petulo, mukalipira tikiti ya pamsika mutayala tomato wanu, mwaponya kale ndalama m'thumba la dziko kapena la khonsolo. Ngongole zimene olamulira amatenga kunja adzabweza ndi ana athu. Ndiye wandale akaima pa nsanja n'kunena kuti "ndakupatsani sukulu," amayi n'kululutira, choonadi n'chakuti wangobweza zimene anasungitsidwa. Wachita bwino, timuyamike monga timayamikira wantchito wokhulupirika, koma tisagwade. Ndipo nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, mabiliyoni atatuluka ku Capital Hill kupita ku makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, sanabere "boma" la m'linga lija. Anabera mayi amene anauzidwa kuchipatala kuti mankhwala atha, akagule yekha.

Pakati pa chisankho ndi chisankho, zida za nzika si zambiri monga anafunira olemba malamulo a 1994. Gawo 64, limene linkalola ovota kuchotsa phungu wawo nthawi isanakwane, aphungu analichotsa mu 1995. Nyumba yachiwiri ya Seneti, mmene mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, inafufutidwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe. Ndimaona kuti apa osunga ng'ombe anadzichepetsera okha mafunso. Zotsala zilipo ndithu: ofesi ya Ombudsman yolandira madandaulo a anthu ochitiridwa zosalungama m'maofesi a boma, bungwe la ACB lothana ndi katangale, bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC, ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020 ndipo limalola munthu wamba kulemba kalata yofunsa kuti mlatho wakutiwakuti unadya ndalama zingati ndipo kontilakitala anali ndani.

Koma boma limene munthu wa kumudzi amakumana nalo tsiku ndi tsiku si la ku Lilongwe. Ndi khonsolo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 ndi mfundo ya mphamvu ku anthu zinapereka kwa makhonsolo misika, sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, misewu ya m'midzi ndi madzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti titasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala popanda makhansala mpaka 2014, ndipo m'badwo wonse unakula osadziwa ntchito yawo. Mafumu nawo amakhala nawo pa zokambirana za khonsolo koma savota, popeza ufumu ndi wa magazi, si wa chisankho. Mfumu ndi ya anthu onse a m'mudzi, ovala nsalu ya mtundu uliwonse, ndipo ikayamba kuopseza anthu ake kuti avotere wakuti poteteza mswahala kapena pofuna kukwezedwa, yataya chimene chimaipatsa ulemu.

Njira ya chitukuko inakonzedwa kuti izichokera pansi. Anthu amakambirana zosowa zawo mu komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, ya VDC, imene imatumiza mfundozo ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, ndipo kuchokera kumeneko khansala amazitengera kukhonsolo kuti zilowe mu pulani ndi bajeti. Mjigo ukakumbidwa umaperekedwa m'manja mwa komiti ya anthu a pamudzipo, imene imatolera kangachepe pa khomo lililonse kogulira zipangizo zing'onozing'ono ndi kulipira mmisiri wa m'deralo. Vuto likakula kuposa mphamvu zawo, mwachitsanzo mapaipi akagwera pansi kapena madzi akaphwa, m'pamene nkhani imakwera ku ofesi ya zamadzi ya kukhonsolo kudzera mwa khansala. Kwathu kuja komitiyo inali itafa kalekale, buku la ndalama litasowa pamodzi ndi msungichuma amene anasamukira kutauni. Inadzuka pamene amayi atatu, atatopa ndi matenda a m'mimba a ana awo, anapita kwa nyakwawa kukapempha kuti aitanitse msonkhano, ndipo a malume anasankhidwa kukhala mlembi chifukwa ankalemba zooneka bwino.